Ndani ayenera kusaina kuti amalume akulephera kuyenda?

Amalume ali ndi jekete imodzi yakuda imene imatuluka mu wadiropu pa zifukwa zitatu zokha: ukwati, maliro, kapena akamapita kukaonana ndi aboma. Tsiku limene khonsolo inawaitana kuti akawaone kayendedwe kawo pa pempho lathu la Blue Badge, chiphaso choimikira galimoto pamalo a anthu aulumali, ndinawapeza atavala kale jeketeyo, tayi ili pakhosi, nsapato zikuwala ngati akupita kukafunsira mbeta. Ndodo yawo anali ataiyedzeka kuseri kwa chitseko. Nditaitenga kuti ndiwapatse, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Naphiri, isiye imeneyo. Ukufuna akandione ngati nkhalamba yotheratu?"

"Amalume, komatu n'chimene tikupitira kumeneko."

Anti anali kukhitchini, sanayankhepo kanthu. Ndinangomva supuni ikugunda kapu mwamphamvu kuposa mmene tiyi amafunira. Ndodo inatsala.

Amalume anabwera kuno ku England chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anagwira ntchito ya usiku m'nyumba zosungira katundu zaka pafupifupi 20, chiimire pa simenti, kunyamula makatoni amene sankadziwa n'komwe kuti muli chiyani. Mawondo anayamba kudandaula kalekale, iwo nkumati ndi kuzizira. Kenako kunabwera sitiroko, yaing'ono malinga ndi madokotala, koma inasiya mwendo wakumanzere ukukokeka pansi. Pano ali ndi zaka 71. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni yomweyi ya ku Midlands, chigawo cha pakati pa England, ndipo tsiku limene ndili pa ofu ndimakhala dalaivala wawo.

Chimene chinandikakamiza kuyamba nkhani ya Blue Badge ndi Loweruka lina la mvula kusitolo yaikulu. Malo oimika galimoto apafupi ndi khomo onse anali a anthu aulumali, ena opanda galimoto, koma ife tinalibe chiphaso. Ndinawatsitsa pakhomo n'kupita kukasaka malo kumapeto kwenikweni. Pobwerera ndinawapeza atagwira mzere wa matirole ndi manja onse awiri, mvula ikuwatsikira m'khosi, akunamizira kuwerenga chikwangwani cha mitengo ya nkhuku. Milomo inali itauma. Anthu ankawalambalala ndi maambulera awo. Nditawafunsa ngati ali bwino anati, "Ndikungoona mmene zinthu zadulira." Usiku umenewo ndinatsegula laputopu.

Kwa amene simunakaonepo, Blue Badge ndi kakhadi ka buluu kokhala ndi chithunzi cha mwini wake kumbuyo, ndipo kamaikidwa kutsogolo kwa galimoto, pamene woyang'anira misewu angakaone pagalasi. Kamakulolani kuima pamalo a anthu aulumali m'mbali mwa msewu, kuima ulere pamalo ambiri olipiritsa a m'misewu, ndiponso kuima pa mizere yachikasu kwa maola osapitirira atatu kuno ku England, bola muike kawotchi kapepala kosonyeza nthawi imene mwafika. Pakati pa London, monga ku Westminster ndi ku Kensington and Chelsea, ali ndi malamulo awoawo, ndiye osangoimika mwachisawawa. Kakhadiko ndi ka munthu, si ka galimoto ayi: amalume akhoza kukagwiritsa ntchito m'galimoto yanga, ya mpongozi wawo kapena mu takisi. Koma ine ndikakatenga ndekha kuthamangira kusitolo iwo ali kunyumba, ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Mtengo wake supitirira mapaundi 10 ku England, 20 ku Scotland, ndipo ku Wales n'kaulere. Kawirikawiri kamatha pakapita zaka zitatu, kenako mumayambiranso.

Chiyambi chake chimandikhudza. Phungu wina wa ku Manchester, Alf Morris, anakula akuona bambo ake amene anabwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse atataya mwendo ndi diso. Iye ndi amene anakankha lamulo la 1970 loteteza odwala matenda a mgonagona ndi anthu aulumali, ndipo kuchokera m'lamulo limenelo munatuluka kakhadi koimikira galimoto mu 1971. Nthawi imeneyo kanali ka olenji. Kanasanduka ka buluu mu 2000. Lero ku England kokha makhadiwa aposa 2.5 miliyoni, ndipo mukamva nambala imeneyi muyamba kumvetsa chifukwa chake makhonsolo amaumira.

Ine ndinayamba nkhaniyi ndi maganizo a kwathu. Kwathu kalata ya adokotala imatsegula zitseko. Ukajomba kuntchito, ukalephera kulemba mayeso, ukapita kupolisi utamenyedwa, funso ndi limodzi: kalata ya kuchipatala ili kuti? Ndipo sitifunsa kuti amene wasainayo ndi dokotala weniweni, ndi kiliniko ofesala kapena ndi medikolo asisitanti. Aliyense wovala gauni loyera ndi adokotala, chachikulu chidindo chikhalepo. Amayi anga mpaka lero amasunga kabuku kawo ka kuchipatala mu jumbo, mu jumbo inanso, pansi pa sutikesi, ngati chikalata cha malo. Ndiye ndinaona kuti yankho n'lapafupi: amalume ali ndi GP, dokotala wa m'dera lawo amene wakhala akuwaona zaka zoposa khumi. Alembe kalata, asaine, nkhani yatha.

Kuchipatala kwa GP anandiuza kuti kalata yotere si mbali ya ntchito ya NHS, bungwe la boma la zaumoyo, ndi ntchito yapadera, yolipira. Mayi wa pa risepushoni anayesa kundichenjeza kuti makhonsolo ambiri sagwiritsa ntchito makalata amenewa. Ine ndinamva ngati akungofuna kundithamangitsa. Ndinalipira mapaundi 40, ndinadikira masabata atatu, n'kulandira ndime ziwiri zonena kuti bamboyu ali ndi nyamakazi m'mawondo onse awiri, anadwala sitiroko, amamwa mankhwala akutiakuti, ndipo dokotala akugwirizana ndi pempho lake. Ndinaijambula, ndinaiika pa fomu ya pa intaneti, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Patapita milungu ingapo kunabwera kalata ya khonsolo. Anathokoza chifukwa cha umboni umene tinatumiza, n'kunena kuti sungakwanire kugamula nkhaniyi, choncho amalume apite kukaonedwa ndi katswiri wa khonsolo.

Ndinapsa mtima. Dokotala amene anaphunzira zaka zonsezo, amene amadziwa shuga wa amalume, BP yawo, ngakhale tsiku limene anagwa kubafa, mawu ake asakwanire? Ndiye akwanire a ndani?

Yankho ndinalipeza kwa mayi wina wa ku Zimbabwe amene timapemphera naye, yemwe ntchito yake ndi OT, aja amathandiza munthu wodwala kapena wovulala kuti ayambirenso kudzisamalira: kusamba, kuvala, kukwera masitepe, kuphika. Tinakhala pa benchi titaweruka, iye akusenda nachesi, ine ndikudandaula. Anandilola kumaliza, kenako anandifunsa funso limodzi.

"GP ameneyo anawaonapo amalume ako akuyenda mamita angati?"

Ndinaganiza. Kuchoka pampando wodikirira kufika m'chipinda mwake. Mwina masitepe khumi ndi awiri, pamalo osalala, potentha bwino, khoma lili pafupi. Ndipo chiyambire mliri wa Covid, nthawi zambiri amangolankhulana pa foni.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Khonsolo sifunsa kuti mukudwala chiyani. Imafunsa kuti mukatsika m'galimoto, chimachitika n'chiyani. Anthu awiri akhoza kukhala ndi nyamakazi yofanana pa ekiselo, wina n'kumapita kumsika wapansi, wina n'kumalephera kufika pageti. Dzina la matenda silipereka kakhadi.

Mnzangayo anandifotokozera kuti pali makomo awiri olowera. Khomo loyamba ndi la anthu amene boma linawayeza kale pa zifukwa zina, ndipo iwo safunsidwanso zambiri. Amene amalandira ndalama ya aulumali yotchedwa PIP ndipo anapatsidwa mapointi 8 kapena kuposa pa gawo la kayendedwe, kutanthauza kuti sangapitirire mamita 50, amangotumiza kalata yawo ya PIP basi. Chimodzimodzi amene amalandira gawo lapamwamba la kayendedwe la ndalama ina ya aulumali yotchedwa DLA, asilikali ena ovulala kunkhondo, ndi anthu amene analembedwa m'kaundula kuti ndi osaona. Kwa osaonawa, amene amasaina chikalata si uja amakuyezani magalasi m'sitolo ya m'tauni ayi, koma dokotala wamkulu wa maso wa kuchipatala. Ndiye pakhomo limeneli wosaina alipo, koma anasaina kalekale, ku ofesi ina.

Amalume khomo limeneli linali lotseka. PIP munthu amaipempha asanafike msinkhu wa penshoni. Amene ulumali wawapeza atakalamba amapatsidwa ina, Attendance Allowance, ndipo imeneyo sitsegula khomo la Blue Badge. Izi zimandidabwitsabe: anthu amene miyendo imawathera kwambiri, okalamba, ndi amene njira yachidule siwadutsa. Ndipo ife ambiri amene tinabwera pa viza ya ntchito, yolembedwa kuti sitiloledwa thandizo la ndalama za boma, PIP ndi DLA sitingazipemphe n'komwe. Ndaonapo anzanga ena akuopa ngakhale kufunsa za kakhadika poganiza kuti kawaonongera mapepala. Blue Badge sili pa mndandanda wa thandizo loletsedwalo, si ndalama yolowa m'thumba. Kungoti nafenso tiyenera kudzera khomo lachiwiri.

Khomo lachiwiri ndi loyezedwa. Kale, makhonsolo ambiri ankadalira mawu a GP, ndipo zimene ndinkaganiza ine zikanagwira ntchito nthawi imeneyo. Koma kuyambira mu Epulo 2012, boma la England linalanda cholembera m'manja mwa GP. Ngati khonsolo singathe kugamula pongowerenga mapepala, munthu ayenera kuonedwa ndi katswiri wa kayendedwe amene si dokotala wake, ndipo kawirikawiri amakhala wa mafizo kapena OT. Zifukwa zake mnzanga uja anazinena mosabisa. GP amadziwa matenda, koma kuyeza mmene munthu akupondera, kupuma kwake ndi liwiro lake ndi ntchito imene a mafizo ndi ma OT anaiphunzira ndipo amaichita tsiku ndi tsiku. Chinanso, GP ndi munthu wako. Wakhala ukumuuza zinsinsi zako zaka khumi, udzabweranso mwezi wamawa, ndiye akukanize bwanji? Akakana, ubale wawonongeka. Akavomera aliyense, malo aja apafupi ndi khomo adzaza, ndipo mayi wa pa wilutcheya asowa poima.

Mu Ogasiti 2019 lamulo linasinthanso, ndipo kusintha kumeneku n'kumene anthu ambiri sakudziwa. Anatsegula khomo kwa anthu amene ulumali wawo suoneka ndi maso: mwana wa autism amene akhoza kuthamangira mumsewu galimoto zikudutsa, gogo wa matenda oiwalaiwala amene amasokonezeka akatsika kutali, munthu amene ulendo uliwonse umamubweretsera mantha osaneneka. Anthu amenewa kuwayendetsa pakhonde sikusonyeza kanthu, miyendo yawo ndi yabwinobwino. Choncho anakulitsa gulu la amene angachitire umboni. Lamulo likuti akhale munthu wa maphunziro ovomerezeka ku UK omulola kupima, kuchiza kapena kuthandiza anthu a vuto ngati lakolo, ndipo khonsolo ikhutire kuti sakondera. Apa mumalowa madokotala a ubongo ndi mitsempha, a matenda a maganizo, a mafupa ndi nyamakazi, a ana, akatswiri a kaganizidwe ka munthu, kuphatikizapo a mafizo ndi ma OT aja. Akhoza kukhala ngakhale amene amakuthandiza kale kuchipatala. Koma mmodzi yekha anamutchula kuti ayi: GP wako. Zolemba zake khonsolo ikhoza kuziwerenga ngati umboni wothandizira, koma iye sangakhale wotsimikizira. Pamene siginecha yake imathamangitsadi zinthu ndi pa fomu ya SR1, ya munthu amene madokotala akuona kuti watsala ndi miyezi yowerengeka. Makhonsolo ambiri akaona imeneyo sachedwetsa. Palibe amene amalakalaka kulandira kakhadi kudzera njira imeneyo.

Nditamuuza msuweni wanga amene ali ku California, ku America, anaseka. Kumeneko fomu imasainidwa ndi amene amakuthandiza: dokotala, namwino wa maphunziro apamwamba, wothandizira dokotala, wa maso ngati vuto ndi maso, ngakhale mzamba wovomerezeka. Iwo anasankha kukhulupirira amene amakudziwa. Angerezi anasankha kukhulupirira amene sakukudziwa. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tsiku la jekete lija ndinaona kuti kalumo kakuthwa kamathanso kumeta pamene sipayenera.

Malo oyezerawo anali nyumba wamba ya khonsolo, ya njerwa zofiira, yokhala ndi malo oimika galimoto kumbali. Chimene sitinadziwe n'chakuti kuyeza kumayamba musanapereke moni. Mtsikana amene anatilandira, OT wa zaka ngati zanga, anali ataima pakhomo la galasi kutiyang'ana tikutsika. Amalume atangomuona anawongoka ngati msilikali wa pa perete. Anakana dzanja langa. Anayenda kuchoka pagalimoto mpaka pakhomo osaima ngakhale kamodzi, mutu uli m'mwamba, mano atalumana. Ine ndinali pambuyo, ndikuona thukuta likutsika kuseri kwa khutu kulowa mu kolala.

M'chipinda muja mtsikanayo anawafunsa kuti ali bwanji lero. Anayankha m'Chingerezi chawo chaulemu kuti ali bwino kwambiri, zikomo, nanga iye ali bwanji. Anawafunsa ngati mawondo amapweteka. Anati pang'ono chabe, zaukalamba. Anawafunsa ngati amapita kokagula zinthu. Anati inde, Loweruka lililonse. Sanatchule matirole. Anawafunsa ngati amagwiritsa ntchito ndodo. Anati nthawi zina. Anawafunsa ngati anagwapo. Anayang'ana pawindo n'kunena kuti kuterereka kumachitikira aliyense.

Ndinayesa kulowererapo. Amalume anandiponyera diso lija limene mwana aliyense wa kwathu amalidziwa, lotanthauza kuti akulu akamalankhula mwana amakhala chete. Ndili ndi zaka 38, ndili ndi ana awiri, koma ndinakhala chete.

Kenako anawayendetsa pakhonde lalitali, iye ali pambali ndi wotchi. Anapita, anabwerera. Titalowa m'galimoto anakhala osalankhula mphindi zisanu, maso ali otseka, dzanja likunjenjemera pa bondo. Atapezako mpweya anati, "Waona? Ndamuonetsa kuti sindine munthu wakufa." Madzulo a tsiku limenelo sanathe kukwera masitepe opita kuchipinda. Anagona pa sofa masiku awiri, anti akuwathowa mawondo ndi thaulo la madzi otentha.

Kalata yokana inabwera mwaulemu wonse. Inati bamboyu anayenda mamita oposa 80 popanda ndodo, popanda kuima, ndipo iye mwini ananena kuti ululu wake ndi wochepa. Palibe bodza limene analemba. Malangizo amene oyezawa amatsata amati munthu amene sangathe mamita 30 nkhani yake ndi yoonekeratu; wa pakati pa 30 ndi 80 amayang'ana liwiro, ululu, befu ndi mapondedwe; wopitirira 80 popanda vuto lina looneka sayenera. Mtsikanayo analemba zimene anaona ndi zimene anauzidwa.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi nthawi yaitali, makamaka ndikakhala pa shifiti ya usiku. Sindingathe kumuimba mlandu mtsikana uja. Ndipo pano ndimavomereza, ngakhale monyinyirika, kuti GP sakanayenera kukhala woweruza. Koma dongosolo limene limadalira theka la ola pamaso pa mlendo limaganiza kuti munthu aliyense amafika n'kunena zowawa zake zonse monga zilili. Anthu a kuno ena amatero, anaphunzira kuti fomu imafuna tsiku lako loipitsitsa. Ife tinaleredwa mwina. Kwathu munthu ali gone pa mphasa, ukamufunsa kuti mwadzuka bwanji amati ndadzuka, kaya inu. Akanena kuti "pang'ono" ndiye kuti zinthu zavuta. Akanena kuti "tikuyesera" yambani kuitana abale. Mwamuna wa msinkhu wa amalume, amene anauzidwa ali mwana kuti mwamuna salira, sangauze mtsikana wa msinkhu wa mwana wake kuti usiku amakodzera m'chigubu chifukwa bafa lili kutali. Mawu akuti "pang'ono" aja ine ndinawamva m'Chichewa. Mtsikanayo anawamva m'Chingerezi, n'kulemba nambala yaing'ono.

Ndimaziona zomwezi kuntchito. Gogo wina wa ku Jamaica amene ndimamusamalira amadzola lipisitiki namwino akamabwera, n'kumuuza kuti zonse zili bwino, namwino akangotuluka iye n'kuyamba kubuula. Si ife tokha. Koma ife tili nazo kwambiri.

Ku England kulibe khoti la apilo pa nkhani ya Blue Badge, koma ukhoza kupempha khonsolo kuti iunikenso chigamulo chake, makamaka ngati uli ndi umboni watsopano. Ulendo uno sindinapite kwa GP. Mnzanga wa ku Zimbabwe uja anandiuza kuti ndifufuze amene anawaonapo amalume akuyenda pa tsiku wamba. Analipo: mayi wa mafizo wa gulu loona odwala sitiroko, amene ankabwera kunyumba miyezi ingapo atatuluka m'chipatala. Iye anawaona atavala zogonera, opanda tayi. Anawaona akulephera sitepe yachitatu. Lipoti lake linali kale m'mafayilo, ndipo kulipeza sikunatidye ngakhale tambala. Linali ndi zimene kalata ya mapaundi 40 ija inalibe: mamita, masekondi, kangati anaima, mwendo uti umakokeka, ndiponso kuti anawalangiza kugwiritsa ntchito ndodo nthawi zonse akatuluka panja. Ndinawonjezera kalata ya dokotala wa mafupa yonena za mawondo, ndi mndandanda wa mankhwala umene ndinautsitsa ulere pa NHS App. Anti nawo analemba m'kope la sukulu, kwa milungu iwiri, tsiku ndi tsiku, zimene amuna awo akwanitsa ndi zimene alephera. Analemba m'Chichewa, ine n'kumasulira. Pena ndinkaima kaye. Sindinkadziwa kuti anagwa katatu chaka chimenecho. Ine ndinkadziwa kamodzi.

Ntchito yovuta inali amalume eni ake. Ndinapita Lamlungu madzulo, ndinakhala pansi pa kapeti pafupi ndi mpando wawo monga ndinkachitira ndili mwana, chifukwa nkhani ngati iyi sungainene utaima.

"Amalume, ndikupempha chinthu chimodzi. Akakufunsani, mukanene zoona."

"Ine ndinanama?"

"Simunaname. Koma munabisa."

Anakhala chete nthawi yaitali, TV ikulankhula yokha. Kenako anati, "Ukudziwa kuti ine ndinkanyamula matumba awiri a chimanga kuchoka kudimba kufika kunyumba? Amayi ako angakuuze."

"Anandiuza."

"Ndiye lero ndikaime pamaso pa kamwana, ndizikati sinditha kufika pageti?"

Anti ndi amene anamaliza nkhaniyi, ali chiimire pakhomo la kukhitchini ndi thaulo paphewa. "Bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwanayu watopa kukuzungulirani ndi galimoto pa mvula. Inenso msana wanga watha ndi kukudzutsani pa sofa. Ngati simukufuna kudzichitira nokha, tichitireni ife." Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, sindinawamvepo akulankhula choncho kwa amuna awo pamaso pa mwana.

Ulendo wachiwiri anatiyeza munthu wina, bambo wa mafizo wa imvi zake. Jekete inavalidwa ndithu, imeneyo sindikanaigonjetsa, koma ndodo inabwera. Bamboyo anali atawerenga kope la anti. Sanafunse kuti muli bwanji. Anafunsa kuti, mutachoka pano ulendo watha uja, madzulo ake munagona kuti? Amalume anandiyang'ana, anayang'ana pansi, n'kunena kuti pa sofa. Masiku angati? Awiri. Anawatulutsa panja, pa msewu weniweni wokhala ndi potsetsereka ndi m'mphepete mokwera, osati pakhonde losalala. Amalume anaima koyamba pa mtengo wa magetsi wachiwiri. Anaima kachiwiri asanafike pa wachitatu, n'kugwira mpanda. Bamboyo sanawafulumizitse, anangoyang'ana wotchi, n'kuyang'ana mmene chifuwa chikukwerera. Kenako anati tibwerere, zakwana.

Kakhadi kanabwera pa positi patatha milungu itatu, pamodzi ndi kawotchi kake ndi kabuku ka malamulo. Kuchokera tsiku la matirole lija panali patapita miyezi isanu ndi umodzi. Amalume anakatembenuza, anayang'ana chithunzi chawo, anati anawajambula moipa. Anawerenga tsiku lothera ntchito n'kunena kuti zaka zitatu n'zambiri, mwina adzakhala atachira. Kenako anakalowetsa m'thumba la m'kati la jekete ija.

Kusitolo amakatulutsa popanda vuto, kuchipatala chimodzimodzi, kumene kuli anthu osawadziwa. Koma Lamlungu loyamba titafika kutchalitchi, kumene theka la mpingo ndi Amalawi ndi anthu a ku Zambia, nditangokhotera pa malo a buluu apafupi ndi khomo, anandigwira dzanja.

"Naphiri, pita uko kuli anzathu onse. Apa anthu aona."

"Amalume, anthuwo amakuonani kale mukuvutika."

"Kuvutika ndi kwina, chikwangwani ndi china. Pita uko."

Ndinakaimika kumapeto, pafupi ndi mabini. Tinayenda pang'onopang'ono, kuima kawiri, iwo akunamizira kupereka moni kwa anthu amene anali kutali kwambiri moti sakanamva. Tinalowa kwaya itayamba kale nyimbo yachiwiri. Lamlungu lotsatira zinali chimodzimodzi, ndi linalo.

Lamlungu lachinayi kunagwa mvula ya mphepo, ija yobwera cham'mbali. Nditalowa pageti ndinachepetsa liwiro osanena kanthu, mawaipa akupita uku ndi uku. Malo a buluu anali opanda galimoto. Amalume anayang'ana kumabini kuja, anayang'ana nsapato zawo zopolishidwa. Ndinamva zala zikufufuza m'thumba la jekete. Anakaika okha pagalasi, chithunzi chili pansi monga kabuku kamanenera, n'kukawongola ndi chala kuti kakhale bwino.

"Nsapatozi n'zodula," anatero. "Tenga ambulera."